Ndimawerenga mpaka tambala woyamba koma mayeso akundikanabe: ndikulakwitsa pati?

Mtsikana wa ku Limbuli analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka akuluakulu amene munadutsa kale m'makoleji. Ndine wophunzira wa chaka choyamba pa koleji ina ya m'boma la Thyolo, kumene ndikuchita maphunziro a sayansi, ndipo kwathu ndi ku Limbuli, m'boma la Mulanje. Nkhani imene ndabwera nayo ndakhala ndikuchita manyazi kuiulula ngakhale kwa mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi.

Sekondale ndinaphunzira pa sukulu yoyendera, ndipo pa mayeso a MSCE ndinapeza mapointi 14. Njira yanga inali kukopera manotsi mwaukhondo ndi kuwawerenga mobwerezabwereza mpaka nditawaloweza, ndipo sinandigwiritsepo mwala. Aphunzitsi athu a Fomu 4 ankatilembetsa mayeso Lachisanu lililonse kuchokera m'mapepala akale a MANEB, ndipo kawirikawiri ndinkakhala woyamba kapena wachiwiri. Nditafika ku koleji ndinapitiriza kuwerenga momwemo, koma semesita yoyamba ndinalephera Chemistry, ndinalemba mayeso obwereza amene anzathu amawatcha sapu, ndipo ndinangopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Semesita ino, pa mayeso oyamba a phunziro lomwelo, ndapeza malikisi 11 pa 30.

Ulesi ndiye si vuto langa. Ndikaweruka m'kalasi cha m'ma 5 koloko madzulo ndimayenda wapansi kupita ku chipinda chimene timachita lendi, ndimakoleza mbaula, timaphika, ndipo ikamakwana 9 koloko ndimakhala nditatsegula kope. Ndimawerenga mpaka 2 kapena 3 koloko m'bandakucha, ndipo tulo tikandivuta ndimaviika mapazi m'beseni la madzi ozizira, ngakhale masiku ano a chiperoni pamene munthu umanjenjemera uli m'bulangeti. Manotsi a Chemistry ndawakopera kawiri, ndipo ndawadula mizere ndi zolembera za mitundu itatu. Ndikamawerenga zonse zimamveka bwino. Koma ndikakhala m'chipinda cha mayeso, ndimakumbukira kuti nkhaniyo ili pa tsamba la kumanja chakumunsi, ndi kuti ndinaidula mzere wofiira, pamene mawu ake enieniwo sabwera. Funso likangotembenuzidwa pang'ono kusiyana ndi chitsanzo cha m'kalasi, mutu umaima.

Mayi anga amathyola tiyi pa esiteti ina, ndipo ndalama za lendi amandipatsa ndi amalume amene amagulitsa nanazi m'mbali mwa msewu. Iwo amauza aliyense kuti mwana wa mlongo wawo ali ku koleji. Ndikaganiza zobwerera kumudzi nditachotsedwa sukulu, chakudya sichilowa. Kodi vuto ndi mutu wanga, kapena ndi kawerengedwe? Nanga munthu amene ali kale ndi maola ochepa angasinthe chiyani?

Mphunzitsi wopuma wa ku Luchenza anayankha:

Mwanangu, munthu amene adapeza mapointi 14 pa sukulu yoyendera alibe vuto la mutu, ndipo mfundo imeneyo tiichotsepo msanga. Ndaphunzitsa sayansi m'masekondale a ku Thyolo ndi ku Mulanje kwa zaka zoposa 30, ndipo dandaulo lanuli ndalimva kwa ana anga ambiri akabwera ku tchuthi chawo choyamba.

M'kalata yanu muli chiganizo chimodzi chimene mwachilemba mongodutsa, chonsecho yankho lagona pomwepo. Mwati aphunzitsi anu ankakulembetsani mayeso Lachisanu lililonse. Inu mukuganiza kuti chidakupambanitsani ndi kuloweza, koma ine ndikuti chidakupambanitsani ndi Lachisanu lija. Sabata iliyonse munkakakamizidwa kutseka kope ndi kutulutsa m'mutu zimene mudaikamo, ndipo zimene zakana kutuluka munkazidziwa tsiku lomwelo. Ku koleji palibe amene adzakuchitireni zimenezo, pakuti mphunzitsi wa kumeneko amathira nkhani yake m'kalasi ya anthu ochuluka n'kumapita. Mwasamuka ndi mtondo, munsi mwausiya kumudzi.

Kuzindikira chinthu ndi kuchikumbukira ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mukhoza kukumana ndi munthu pa msika wa Luchenza, nkhope n'kuidziwa bwinobwino, koma dzina lake osabwera mpaka wina atalitchula, ndipo pamenepo mumati, indedi, ndimalidziwa. Kuwerenga manotsi kachisanu n'chimodzimodzi: tsamba limakutchulirani dzina lisanakufunseni, choncho mumadzimva ngati mukudziwa. Mayeso sakuonetsani nkhope, amakufunsani dzina. N'chifukwa chake mukukumbukira mzere wofiira koma osati mawu ake.

Zimenezi si maganizo a nkhalamba chabe. Kale mu 1885, katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adachita pa iye mwini, poloweza timawu topanda tanthauzo ndi kuyeza mmene ankatiiwalira. Adapeza kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyambirira ndi pa tsiku loyamba, kenako kumayenda pang'onopang'ono, ndiponso kuti kubwereza kogawa pa masiku angapo kumapindula koposa kubwereza kounjika pa tsiku limodzi. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, pa Washington University ku St. Louis, adapatsa ophunzira nkhani yaifupi. Gulu lina lidaiwerenga mobwerezabwereza, pafupifupi maulendo 14, pamene gulu lina lidaiwerenga maulendo atatu kapena anayi okha, n'kuthera nthawi yotsalayo likulemba zimene likukumbukira pepala litachotsedwa. Atawayesa patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja adapambana. Atawayesa patapita sabata, zinthu zidatembenuka: odziyesa adakumbukira magawo 61 pa 100 aliwonse, obwereza kuwerenga magawo 40 okha. Chimene chimandikhudza ine pa kafukufuku ameneyu n'chakuti obwereza kuwerengawo ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Kenako mu 2013, John Dunlosky ndi anzake adaunika njira 10 zimene ophunzira amagwiritsa ntchito, ndipo ziwiri zokha ndi zimene adaziika pamwamba: kudziyesa, ndi kugawa kuwerenga pa masiku otalikirana. Kudula mizere ndi kubwereza kuwerenga adaziika m'gulu la njira zopindula pang'ono. Pepani kuti zolembera zanu zitatu zija zili m'gulu limenelo.

Tsono chitani motere. Tsiku limene mwaphunzira mutu watsopano, musanatsegule kope, tengani pepala losalembapo ndi kulemba zonse zimene mukukumbukira kwa mphindi 10. Masiku oyamba pepalalo lidzakuchititsani manyazi, mwina mizere inayi yokha, koma musataye mtima, chifukwa kuvutika kumeneko ndiye kuphunzira kwenikweniko. Mukatero tsegulani kope, onani zimene mwasiya ndi zimene mwapotoza, ndipo muzilembe ndi cholembera chofiira chija, tsopano chapeza ntchito yoyenera. Kenako pindani mzere kumanzere kwa tsamba lililonse la manotsi ndi kulembamo mafunso amene tsambalo likuyankha. Ngati tsamba likufotokoza za mole, muyezo wa kuchuluka kwa zinthu mu Chemistry, funso likhale lakuti, m'magalamu 36 a madzi muli ma mole angati, ndipo n'chifukwa chiyani? Tsiku lina mudzaphimba manotsiwo ndi dzanja, mudzayankha kuti awiri popeza mole imodzi ya madzi imalemera magalamu 18, ndipo mudzadzifunsanso kuti 18 ameneyu wachokera kuti. Mukalephera kunena kuti ndi 16 wa oxygen ndi 2 wa ma hydrogen awiri, mwapeza dzenje mayeso asanakugwetserenimo.

Za kugawa masiku, funsani mayi anu. Wothyola tiyi satha munda pa tsiku limodzi n'kunena kuti wathana nawo mpaka chaka chamawa. Amatenga masamba awiri ndi kansonga, amapita ku munda wina, ndipo nyengo ya mvula pakapita sabata kapena masiku 10 amabwerera pomwe paja, nsonga zitaphukanso. Mutu umene mwaphunzira lero muubwerere mawa, kenako pakapita masiku atatu, kenako sabata, kenako masabata awiri, ndipo ulendo uliwonse muyambe ndi kudzifunsa, osati kuwerenga. Ulendo wachinayi simudzatha ndi mphindi zisanu zomwe.

Ndingowonjezera kuti pa nthawi yathu yunivesite inali imodzi yokha, University of Malawi imene idayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo opitako kuchokera kuno tinkawerengeka ndi zala. Lero yunivesite ya Malawi University of Science and Technology (MUST) ili pakhomo pathu ku Ndata kuyambira 2014, ku Makwasa kuli koleji ya zaumoyo ya Malamulo, ku Mulanje Mission kuli koleji ya anamwino ndi azamba, ndipo ana a othyola tiyi akulowa m'makalasi amene makolo awo sadawaonepo. Zimenezi n'zokondweretsa, koma zikutanthauza kuti ambiri alibe mkulu wawo kunyumba amene angawauze mmene kumeneko amawerengera. Mwachita bwino kufunsa.

Namwino wa kumunsi kwa phiri anayankha:

Mng'ono wanga, aphunzitsi afotokoza bwino, ndipo sindibwereza. Ine ndikufuna kulankhula za beseni la madzi ozizira lija, chifukwa nanenso ndinaliviikapo mapazi, ndipo linandipatsa chimfine osati nzeru.

Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Tulo si nthawi yotayika: munthu akagona, ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana kuti zisungike nthawi yaitali. Mukagona 3 koloko n'kudzuka 6 koloko, mukuluza kawiri, pakuti za dzulo sizikhazikika ndipo za lero m'kalasi sizilowa, ndiye usiku mumadzavutika kudziphunzitsa nokha zimene mphunzitsi anafotokoza inu mukusinza. Ine nditasiya zochezera, ndinkagona 10 koloko n'kudzuka 5 koloko, ndipo ola limodzi la m'mawa linkandipindulira kuposa maola anayi a pakati pa usiku. Magetsi akathima madzulo sindinkadandaulanso kwambiri. Chinanso, musamapite m'kalasi ndi njala chifukwa chofulumira. Chinangwa kapena mbatata yophika usiku mukhoza kuinyamula m'kakontena, ndipo mtengo wake sufanana ndi wa mandasi ndi zakumwa zotsekemera.

Pa nkhani ya kuloweza ndisiyana pang'ono ndi aphunzitsi, kapena ndinene kuti ndiwonjezera. Pali zinthu zimene munthu ayenera kungoziloweza basi, monga mayina a mafupa kwa ife, kapena zizindikiro za ma element ndi ma valency kwa inu, ndipo kuzinyoza n'kudzinamiza. Nkhani ndi ya mmene mukuzilowezera. Ine ndinkadula timakadi kuchokera ku makatoni a sopo amene ndinkapempha pa golosale, funso kutsogolo, yankho kumbuyo, n'kutisunga m'maenvulopu atatu. Envulopu yoyamba ndinkaitsegula tsiku lililonse, yachiwiri kawiri pa sabata, yachitatu Loweruka lokha. Khadi limene ndayankha bwino linkakwera kupita mu envulopu yotsatira, ndipo limene ndalakwa linkabwerera mu yoyamba ngakhale litafika kale mu yachitatu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti njirayi inatchuka ndi Sebastian Leitner wa ku Germany m'zaka za m'ma 1970, ndi kuti pulogalamu ya pafoni yotchedwa Anki imagwira ntchito mofananako, koma makatoni safuna bandulo kapena kutchaja. Poyenda wapansi kuchokera m'kalasi, timakadi 10 m'thumba la juzi n'tokwanira.

Zowerengetsa ndiye sizilowezeka, zimafuna kuzichita ndi dzanja. Ndikukumbukira tsiku langa loyamba kufunsidwa mu wodi kuti dilipi ya mamililita 1000 iyende maola 8, pa chubu chotulutsa madontho 20 pa mililita imodzi, ndiye madontho akhale angati pa mphindi. Njira yake ndinali nditaiwerenga kambirimbiri, koma ndinaima ngati chitsa wodwala akundiyang'ana. Usiku umenewo ndinadzipangira mafunso 15 osintha manambala, ndipo kuyambira pamenepo dzanja limadziwa lokha kuti 1000 kuchulukitsa ndi 20, kugawa ndi mphindi 480, ndi madontho pafupifupi 42. Mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi atafika, mafunso a mtundu umenewo ndinkawalakalaka.

Pomaliza pali anganga anga. Ndikapita kumudzi ku tchuthi tinkakhala pamkeka kusenda nandolo, ndipo iwo ankandifunsa kuti, nanga ku sukulu kwanuko mwaphunzira zotani? Kufotokozera munthu amene sanapite ku sukulu mmene mtima umapopera magazi, m'Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, popanda kubisala kuseri kwa mawu a Chingerezi, ndi mayeso ovuta kuposa a m'kalasi. Pamene ndinkakakamira ndi pamene sindinamvetse. Yesani kufotokozera mnzanu wa m'chipindayo chifukwa chimene mchere umasungunukira m'madzi pamene mafuta ophikira sasungunuka, mukuphika nsima, m'chilankhulo chathu. Mukatero mudzazilembenso m'Chingerezi, popeza mayeso amabwera m'Chingerezi.

Wachaka chachinayi wa ku Bvumbwe anayankha:

Achemwali, ine ndilankhula ngati munthu amene anabwereza chaka chachiwiri chathunthu, choncho zimene ndikunenazi ndinazigula ndi mtengo wokwera. Akuluakulu awiriwa anena za mmene mutu umagwirira ntchito, ine ndinena za mmene koleji imagwirira ntchito, chifukwa munthu akhoza kudziwa zinthu koma n'kuluza malikisi pa zifukwa zina.

Pepala limene mphunzitsi amagawa sabata yoyamba, lofotokoza mitu ya phunziro ndi kagawidwe ka malikisi, ambiri timalipinda n'kuliiwala m'chikwama. Ine ndinaliwerenga mofatsa nditalephera kale, ndipo m'pamene ndinaona kuti m'phunziro limene linandigwetsa, ntchito za mkati mwa semesita zinkatenga malikisi 40 pa 100. Ndinali nditataya theka la amenewo chifukwa cha malipoti a mu labotale operekedwa mochedwa ndi timayeso tating'ono timene ndinkati n'topanda ntchito. Fufuzani lanu lero, muwerengetse malikisi amene muli nawo kale ndi amene atsala kuti muwalimbirane. Mwina mupeza kuti 11 pa 30 uja ndi kachigawo kochepa kuposa mmene mtima wanu ukuonera. Werenganinso malamulo a koleji yanu okhudza sapu, kubwereza chaka ndi kuchotsedwa, m'buku la malamulo lenilenilo, chifukwa makoleji amasiyana ndipo mphekesera za m'mahositelo zimaopseza kuposa zolembedwa.

Mapepala a mayeso akale ndi abwino, koma ine anandipweteka chifukwa cha mmene ndinkawagwiritsira ntchito. Ndinkatenga pepala pamodzi ndi mayankho amene wina anatumiza pa gulu la WhatsApp, n'kumawerenga mayankhowo ndikugwedeza mutu. Kumeneko n'kubwereza manotsi komwe kuja, kwangovala malaya ena. Pepala lakale lilembedwe ngati mayeso enieni: wotchi patebulo, kope m'chikwama, foni kwa mnzanu. Ndipo musamachite mafunso 20 a mtundu umodzi motsatizana, chifukwa pofika lachitatu dzanja limangotsata njira osaganiza. Sakanizani mafunso a mitu yosiyana, kuti muzolowere kuzindikira nokha kuti funso ili likufuna njira iti, pakuti pamenepo ndi pamene mwati mutu wanu umaima. Samalaninso ndi liwu loyamba la funso. Funso lakuti define likufuna tanthauzo lalifupi, lakuti explain likufuna chifukwa chake ndi mmene chinthucho chimachitikira, lakuti compare likufuna kufanana ndi kusiyana komwe. Ku sekondale tinazolowera kukhuthula zonse zimene tikudziwa pa mutuwo, koma kuno amachonga zimene afunsa zokha.

Za magulu owerengera pamodzi, n'zoona kuti mutu umodzi susenza denga, koma gulu la anthu 10 limasanduka bwalo la nkhani za mpira ndi zibwenzi. Limene linandithandiza linali la anthu anayi, tinkakumana Lachitatu ndi Loweruka kwa maola awiri, ndipo lamulo linali lakuti aliyense abwere ndi mafunso atatu amene wayesa kale payekha. Wobwera chimanjamanja kawiri tinkamutsanzika mwaulemu.

Chimene ndimanong'oneza nacho bondo kwambiri n'chakuti chaka chonse choyamba sindinagogodepo pa ofesi ya mphunzitsi aliyense. Ndinkaopa Chingerezi changa, ndipo ndinkaganiza kuti maofesi amenewo ndi a ana ochokera m'masukulu otchuka. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tengani pepala lanu la 11 pa 30, mupite nalo, ndipo musakanene kuti simukumva chilichonse, chifukwa funso lotero palibe amene angaliyankhe. Mukanene kuti pa funso lachitatu munafika pa sitepe yakuti n'kusokonezeka. Aphunzitsi ambiri amene ndinawayesa anandilandira bwino kuposa mmene ndinkaganizira.

Ndikuchenjezeninso za mapulogalamu a pa intaneti amene amalemba mayankho. Kuwafunsa kuti akufotokozereni mfundo kapena akupatseni mafunso oyeserera kulibe vuto, bola muzitsimikiza m'buku chifukwa nthawi zina amanama molimba mtima. Koma kukopera asayimenti kumeneko, kapena kwa mnzanu wa chaka chapamwamba, ndi mlandu m'malamulo a makoleji, ndipo ngakhale osagwidwa mumakhala mwadzimana mpata wokhawo woyeserera musanalowe m'chipinda chimene foni siloledwa. Pa za ndalama, ngati simunapemphe ngongole ku bungwe la boma la Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa mu 2015, funsani ku ofesi yoona za ophunzira ngati koleji yanu ndi maphunziro anu zili m'gulu loyenera, ndipo muzitchera khutu nthawi imene alengeza zolandira mafomu, kuti amalume apumeko.

Mtsikana wa ku Limbuli analembanso:

Zikomo kwambiri bambo aphunzitsi, akulu anga anamwino, ndi inu achimwene. Dzulo ndinayesa pepala losalembapo pa mutu wa chemical equilibrium, umene ndinauwerenga katatu sabata yatha. Ndinalemba mizere isanu ndi umodzi, ndipo iwiri inali yolakwa. Kunena zoona ndinalira pang'ono, kenako ndinatsegula kope, ndipo m'mawa uno nditayesanso ndadzaza theka la tsamba. Ndafufuzanso pepala la kagawidwe ka malikisi, ndipo ndapeza kuti mayeso aja anali a malikisi 15 okha pa 100, ndi kuti kwatsala mayeso ena aang'ono ndi malipoti awiri a mu labotale.

Nkhawa yanga tsopano ndi nthawi. Kwatsala masabata asanu kuti mayeso a kumapeto kwa semesita ayambe, ndili ndi maphunziro asanu ndi limodzi, ndipo njira yatsopanoyi ikuoneka yochedwa poyerekeza ndi kuwerenga, pakuti usiku umodzi ndinkatha masamba 30 pamene dzulo ndatha anayi okha. Kodi si bwino kuti semesita ino ndimalize ndi njira yakale, yatsopanoyi ndidzayambe semesita yamawa? Ndikufunsa makamaka kwa inu bambo.

Mphunzitsi wopuma wa ku Luchenza anayankhanso:

Ayi mwanangu, musabwerere. Masamba 30 aja mudawadutsa ndi maso, ndipo umboni wake ndi mizere isanu ndi umodzi ya dzulo. Inu a ku Mulanje mumamudziwa kalongonda: amene wamuphula msanga poti nkhuni zikutha amadwalitsa banja lonse, ndipo nkhuni zomwe ankasungazo sizimuthandizanso. Masabata asanu ndi okwanira kubwerera mutu uliwonse katatu kapena kanayi, ngati mutayamba sabata ino.

Lero lembani mitu yonse ya maphunziro asanu ndi limodziwo pa pepala limodzi lalikulu, ndipo pa mutu uliwonse dziyeseni kwa mphindi zochepa ndi funso limodzi kapena awiri. Umene mwayankha bwino ikani chizindikiro chobiriwira ndipo musautayirenso madzulo anu, kungouyendera kamodzi pa sabata. Umene mwayankha mwatheka ndi umene mwalephereratu ndiyo ilandire nthawi yanu, kuyambira ndi imene imabwerabwera m'mapepala akale. Pa tsiku gwirani maphunziro awiri kapena atatu, mphindi 40 kapena 50 lililonse ndi kupuma pakati, m'malo mopatsa Chemistry usiku wonse chifukwa choti ndi amene wakuopsani, kuopa kuti mungapulumutse phunziro limodzi n'kugwetsa awiri amene anali bwino. Masabata atatu oyamba akhale a mitu imeneyi, sabata yachinayi ya mapepala akale olembedwa ndi wotchi, sabata yachisanu yokonza zimene mapepalawo aulula. Malipoti awiri a mu labotale aja muwapereke pa tsiku lake, monga achimwene anu a ku Bvumbwe anenera.

Ndipo Lachisanu lija mulibwezeretse. Pemphani mnzanu wa m'chipinda kuti Lachisanu lililonse madzulo azikusankhirani mafunso asanu kuchokera kumanzere kwa makope anu, inunso muzimusankhira ake, ndipo muzichongerana musanakoleze mbaula. Malikisi ake muziwalemba kuseri kwa chitseko. Lachisanu likubwerali mudzatiuze kuno kuti mwapeza angati pa asanuwo, ndi funso limene lakukanani, tidzalione limodzi.